Mphete Yaikulu ya Liling

Liling anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ankakhala pagombe, pachilumba chathu cha Siargao. Liling ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti bambo ake amuone atakwera funde.

Koma bambo ake sankayang'ana nyanja.

Ine ndine Manang Doray. Ndimakazinga nthochi pafupi ndi nyumba yawo. Ndimaona zonse. Ena amati ndine wolongolola. Alekeni anene. Nkhani iyi ndinaiona ndi maso angawa.

Bambo ake a Liling ndi a Berto. Liling amawaitana kuti Tatay. Kale a Berto anali katswiri wobira pansi pa nyanja. Ankavala magalasi a m'madzi. Ankabereka thanki ya mpweya kumsana. Ankatsogolera alendo pansi pa madzi. Ankawaonetsa akamba ndi nsomba zamawangamawanga.

Pansi pa nyanja pakamwa sipagwira ntchito. Anthu amalankhula ndi zala. Chala chachikulu chikakumana ndi chamkombaphala, zimapanga kamphete. Kamphete kamati, "Ndili bwino." Chala chachikulu chikaloza m'mwamba chokha, sichinena zabwino ayi. Chimati, "Basi. Tuluka m'madzi."

Tsiku lina mlendo wina anachita mantha pansi pa nyanja. Anathawira pamwamba mofulumira. Kukwera mofulumira n'koopsa. A Berto anamuthamangira. Anamugwira mwendo. Anamupulumutsa. Mlendoyo anatuluka wabwinobwino. A Berto anatuluka magazi ali chuchuchu m'makutu.

Mlendoyo anakwera ndege Lachisanu. Sanalembe kalata. Sanaimbe foni. Paja mlendo ndi mame. Kuntchito kwa a Berto analemba munthu wina sabata yomweyo. Ine zimandiwawa mpaka lero.

Makutu a a Berto anagontha onse awiri. Adokotala anati asadzabirenso. A Berto anabwerera kunyumba. Anatenga mpando wawo wansungwi. Anautembenuza. Anafulatira nyanja.

Chaka chinatha atafulatira nyanja. Chaka china chinathanso. Ankasoka maukonde a anthu ena. Ankayang'ana msewu. Ankalankhula pang'ono. Ngakhale kubayibitsa munthu sankabayibitsa. Ife tinkati ndi kunyada.

Kunyumba ankalankhula ndi zala. Mpunga ukakoma, kamphete. Liling akakhoza kusukulu, kamphete. Koma Liling akaloza kunyanja, chala chachikulu chinkakwera m'mwamba. Basi. Tuluka m'madzi.

Nyanja ikaphwa, Liling ankapita kumiyala ndi amayi ake. Amayi ake ndi a Sela. Iye amawaitana kuti Nanay. Uko kokha a Berto ankalola, chifukwa madzi amalekeza m'mapazi.

Nyanja ikaphwa imasiya timadziwe pakati pa miyala. M'timadziwemo mumakhala nkhono. Mumakhala nkhanu. Mumakhala tinsomba tosochera. A Sela ankanyamula ndowa. Liling ankatembenuza miyala. Akatola nkhono, ankabwezera mwala mmene unalili. Mwala ndi denga la eni ake.

Tsiku lina Liling anaona chinthu chobiriwira pakati pa miyala. Sinali nsomba. Silinali bwato. Linali thabwa lokwerera mafunde. Linali theka chabe. Mlendo wina analithyola n'kulitaya.

Liling analikumbatira. Analisenza mpaka kunyumba. Anaima pamaso pa bambo ake. Analoza thabwa. Analoza nyanja. Anapanga kamphete, maso ali pa iwo.

A Berto anayang'ana thabwalo. Anakweza chala chachikulu.

Pamsewu pankadutsa alendo awiri. Anaona mwana ndi thabwa. Anaona bambo atakweza chala. Anasekerera. Nawonso anakweza zala zawo. Anajambula chithunzi. Anati bambo uyu ndi wabwino, akulimbikitsa mwana wake.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Liling anapita kuseri kwa nyumba kukalira.

A Berto anapereka thabwalo kwa a Sela. Anati aziyanikapo nsomba. Kenako analankhula mokweza, poti sadzimva okha.

"Thabwa ili likadzalowa m'madzi, ndidzalidula ndi chikwanje."

Chikwanjecho chinkakhala pansi pa mpando wawo. Tonse tinkachiona.

Koma munthu wofulatira nyanja saona za m'nyanja. Liling anazindikira zimenezi. M'mawa uliwonse a Sela ankapita kumsika. Liling ankachotsa nsomba pathabwa. Ankaziika palichero. Ankadzera kuseri kwa nyumba. Ankathamangira kumafunde aang'ono.

Thabwalo linkanunkha nsomba. Ana ena anali ndi matabwa athunthu. Ankamuseka. Ankati wabwera ndi mbale ya ndiwo. Ankati amphaka onse a m'tauni akumutsatira.

Ankagona pathabwa. Ankapalasa ndi manja. Funde linkabwera. Liling ankadzuka. Ankagwa.

Ankagonanso pathabwa. Ankapalasanso. Funde lina linkabwera. Ankagwanso. Ankamwa madzi amchere. Maondo ankasupuka. Akatopa ankabwezera thabwa pamalo pake. Ankabwezera nsomba pathabwa.

Tsiku lina a Sela anakhudza thabwalo.

"Inday," anatero, poti ndi mmene timaitanira mwana wamkazi, "thabwa ili lanyowa bwanji kulibe mvula?"

"Ndi mame, Nanay."

A Sela ananyambita chala chawo. "Mame a chaka chino ngamchere," anatero. Anangoyang'ana kumpando wansungwi.

Patapita masabata atatu Liling anabwera pamalo panga. Ndinamupatsa nthochi imodzi. Sanaidye. Anati watsala pang'ono kuimirira. Anati akadzaimirira, ine ndidzawatembenuze bambo ake.

Ndinakana. Ndinamukumbutsa za chikwanje. Ndinati thabwa lake lidzasanduka nkhuni. Ndinati ine sindilowa nkhani za eni ake. Limeneli linali bodza, ndimalowa tsiku lililonse.

"Adule, Manang Doray," anatero Liling. "Koma aone kaye."

Mawu amenewo anandilasa mtima. Ndinavomera.

Loweruka m'mawa kunja kunacha bwino. Mphepo inali yochepa. Mafunde ankabwera limodzilimodzi. Ine ndinali ndi nthochi pamoto. Diso limodzi linali pachiwaya. Diso lina linali panyanja.

Liling anagona pathabwa. Anapalasa ndi manja. Funde linabwera. Liling anadzuka.

Sanagwe.

Anaimirira. Anatambasula manja. Funde linamunyamula. Linamunyamulabe. Kathabwa konunkha nsomba kankathamanga.

Ndinataya supuni. Ndinathamangira kwa a Berto. Ndinawagwira phewa. Anandikankha dzanja. Ndinaloza kunyanja. Anakweza chala chachikulu. Ndinapsa mtima. Ndinagwira mpando n'kuukoka ndi mphamvu zanga zonse.

A Berto anatembenuka. Koma ndinachedwa. Funde linali litasweka kale.

Sanaone Liling ataimirira. Anaona thovu loyera. Anaona thabwa likuyandama lokha. Anaona kamutu kakang'ono m'madzi.

Liling anaona nkhope ya bambo ake. Nkhopeyo inali ikuyang'ana kunyanja. Anasangalala kwambiri. Anakweza manja onse awiri. Anawakupiza m'mwamba. Anawakupizanso.

Apa ndi pamene zinalakwika. Ine sindinkadziwa. Liling sankadziwa. Kwa anthu obira, kukupiza manja uli pamadzi si moni. Kumati, "Thandizeni, ndikumira." N'chifukwa chake a Berto sankabayibitsa munthu. Sikunali kunyada.

Ukonde unagwa pansi. Mpando unagwa pansi. A Berto anathamanga. Sanavule malaya. Analowa m'madzi mpaka m'maondo. Analowa mpaka m'chiuno. Anadziponya. Anasambira. Madzi saiwala khwawa, anthu inu. Zaka ziwiri zinali ngati dzulo.

Anafika pa Liling. Anamugwira kuchibwano. Anamugoneka chagada. Anayamba kumukokera kumtunda.

"Tatay, ndili bwino," ankatero Liling. "Tatay, ndinaimirira."

A Berto sankamva.

Kumtunda anamuika pamchenga. Anamuyang'ana mutu. Anamuyang'ana manja. Anamuyang'ana miyendo. Anamuyang'ana m'makutu. Panalibe bala. Liling anawaonetsa kamphete.

A Berto anayang'ana kampheteko. Anayang'ana nkhope ya mwana wawo. Anazindikira kuti Liling sankamira.

Ana aja ankaseka. Alendo ena ankaomba m'manja. Ankaganiza kuti aona zokoma. Ine ndinkafuna kuwathira mafuta a nthochi.

Funde linabweretsa thabwa kumtunda. A Berto analitola. Analisenza mpaka kunyumba. Analiika pansi. Anatenga chikwanje.

A Sela anali atangofika kuchokera kumsika. Anaima ndi dengu lawo. Liling anaima pafupi ndi thabwa, madzi akuchucha m'tsitsi.

"Unakupiza manja," anatero a Berto. Mawu awo anamveka mpaka kumsewu. "Nyanja inatenga makutu anga. Ndimati lero yabwerera mwana wanga."

Liling anapanganso kamphete.

A Berto anapukusa mutu. "Kamphete kako n'kakang'ono, Inday. Ukakhala kutali sindingakaone. Ukakuwa sindingamve. Nanga ndidzadziwa bwanji kuti uli moyo?"

Apa ndinamvetsa. Zaka ziwiri zonsezi tinkati a Berto amadana ndi nyanja. Ayi. Ankaopa. Ndinachita manyazi.

Anakweza chikwanje.

Liling anawagwira mkono. Anawaonetsa chikhato, kuti adikire. Kenako anathamanga. Anadutsa mabwato. Anadutsa ana oseka aja. Anakaima kutali, m'mphepete mwa madzi. Ankaoneka wamng'ono.

Anatembenuka. Anakweza kamphete. Kunena zoona, sikankaoneka. Ngakhale ine wa maso akuthwa sindinakaone.

Liling anayang'ana zala zake. Anaganiza. Anapanga kamphete ndi manja awiri. Sikanaonekebe. Anaganizanso.

Kenako anakweza mkono umodzi. Anaupinda. Anaika dzanja pamutu pake. Mkono ndi mutu zinapanga mphete. Inali mphete yaikulu. Inkaoneka bwinobwino.

Chikwanje chinatsika pang'onopang'ono.

"Wamuphunzitsa ndani?" anafunsa a Berto. Anayang'ana a Sela. A Sela anapukusa mutu. Anayang'ana ine. Inenso ndinapukusa mutu.

A Berto anatiuza. Anati chimenecho ndi chizindikiro cha anthu obira. Munthu akatulukira kutali ndi boti, amaika dzanja pamutu. Amatanthauza kuti, "Ndili bwino." Iwo anachipangapo kambirimbiri. Sanamuonetsepo Liling. Liling anachipeza yekha.

Mwanayo anali chiimire kutali kuja. Dzanja linali pamutu. Ankadikira.

A Berto anaika chikwanje pansi. Anakweza mkono wawo. Anaupinda. Anaika dzanja pamutu.

Liling anabwera akuthamanga. Anawakumbatira m'chiuno. Onse awiri anali onyowa. A Sela anapukuta maso ndi nsalu. Ine utsi ndi umene unandilowa m'maso. Nthochi zanga zonse zinali zitapserera.

A Berto anatolanso chikwanje. Koma sanadule thabwa. Anapala mbali yothyoka ija. Anaisalaza kuti isamucheke mwendo. Anapalanso mamba a nsomba. Anadula chingwe cha ukonde. Anachimangirira kuthabwa. Mbali ina inali ya mwendo wa Liling.

Anamupatsa malamulo awiri. Asapite kumafunde iwo kulibe. Akagwa, aziika dzanja pamutu. Nthawi iliyonse. Akadzaiwala kamodzi, chala chachikulu chidzakwera.

Liling anapanga kamphete.

"Nanga nsomba zanga ndiziyanika pati?" anafunsa a Sela. Anandiyang'ana ine, ngati wolakwa ndine. Ndinawabwereka lata lakale.

Masana nyanja inaphwa. A Sela ndi Liling anapita kumiyala. Anatola nkhono zodzaza ndowa. A Sela anaziphika ndi mkaka wa kokonati. Anandiitana. Tinadya ndi mpunga pakhonde.

Tisanadye, a Berto anatola mpando wawo. Unali ukadali pansi. Anaupukuta mchenga. Anaima nawo pang'ono. Kenako anauika moyang'ana kunyanja.

M'mawa mwake Liling anatenga thabwa. Sanadzere kuseri. Anadzera pamaso pa bambo ake. Anagona pathabwa. Anapalasa ndi manja. Funde linabwera. Anagwa. Dzanja pamutu. Funde lina linabwera. Anagwanso. Dzanja pamutu.

Funde lachitatu linabwera. Liling anadzuka. Anaimirira. Funde linamunyamula mpaka pafupi ndi mchenga.

A Berto anaona. Anaona zonse, kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Makutu awo sanabwerere. Sadzabwereranso. Mlendo uja sanalembebe kalata. Alendo amadutsabe n'kukweza zala zawo zazikulu. A Berto sawaona. Msewu ndi umene aufulatira tsopano.

Amasoka ukonde, maso ali kunyanja. Funde likamugwetsa Liling, a Berto amaimirira. Amadikira. Thovu limayera. Kamutu kamatulukira. Kamkono kamakwera. Dzanja limafika pamutu.

A Berto amaika dzanja pamutu pawo. Kenako amakhala pansi.